Malata a Bambo ndi Mtsinje wa Mgiriki

Ndinali ndi zaka khumi ndi zitatu pamene munthu wina wa ku Greece, yemwe anafa kalekale Yesu asanabadwe, anandiyambanitsa ndi bambo anga. Mpaka lero ndili ndi chipsera m'dzanja lamanja, ndipo ndikachiyang'ana sindidziwa kuti pa awiriwo ndikwiyire uti.

Tinkakhala m'komboni ya esiteti ya tiyi m'chigwa cha Honde ku Zimbabwe, m'nyumba ya zipinda ziwiri yomwe inali yathu malinga ngati bambo ali pantchito. Bambowo anachoka kuseri kwa phiri la Mulanje ali mnyamata wopanda ndevu, n'kuyenda wapansi kudutsa Mozambique, mpaka kudzafika kuno nthawi imene azungu ankagwetsa nkhalango kuti adzale tiyi. Anayamba ndi kuzula zitsa, kenako kuthyola masamba dengu lili kumsana, ndipo imvi zinawapeza ali wodulira tiyi ndi mpeni wawo wokhota. Amayi anali a mtundu wa konkuno, Mmanyika wa ku Mandeya, komwe anthu amalima nthochi ndi chimanga patiminda tawotawo. Ife ana tinkalankhula Chimanyika panja, Chinyanja m'nyumba. Kusukulu anzathu akatikwiyira ankatitcha mabwidi, anthu opanda mutupo kapena kuti chiwongo, ndiye kuti anthu opanda kwawo.

Bambo mawu amenewo sankawakhudza n'komwe. "Asiyeni," ankatero. "Kwathu kulipo. Kuno tinangodzagwira ntchito."

Kwathuko tinkakudziwa ngati tinafikako. Kunali mtsinje wozizira wotsika m'phiri, kunali mtengo waukulu wa mkuyu, ndipo pakati pa mtsinje ndi mkuyuwo panali dimba la bambo, lomwe mlongo wawo, azakhali a Esinati, ankawasungira. Dzina la Esinati anandipatsa ine kuti azilitchula tsiku ndi tsiku. Sanapiteko chichokereni. Poyamba chinali kusowa yolipira ulendo, kenako nkhondo ya kuno, kenako nkhondo ya ku Mozambique yomwe inatseka msewu. Zifukwa zinalipo zoona, koma zaka zinkapita osafunsa zifukwa.

Umboni wa kwathuko unali malata. Akalandira kangachepe kowonjezera, bambo ankapita ku Hauna kukagula lata limodzi, n'kubwera alisenza pamutu likulira ndi mphepo njira yonse. Ankawasanja kuseri kwa nyumba pamwamba pa njerwa, n'kuwaphimba ndi masaka. Anali ofolerera nyumba ya ku Mulanje. Denga lathu la kukomboni linkadontha, tinkagona titazunguliridwa ndi mabeseni, koma wokhudza lata limodzi akanaona zakuda. Mvula ikatha chaka chilichonse, Loweruka lina tinkawatulutsa onse, kupala dzimbiri ndi mchenga, kenako kuwapaka oyilo wakutha wa thirakitala. Tikugwira ntchitoyo bambo ankafotokoza za nzimbe za m'dimba lija, ndipo ife tinkameza malovu manja ali bii ndi oyilo.

Chaka chimenecho kapitawo anawauza bambo kuti zokolola zikubwerazo ndi zomaliza, akapume. Tonse tinadziwa tanthauzo lake: ntchito ikatha, nyumba nayo yatha. Pasanapite nthawi kunabwera mchimwene wa amayi, yemwe mwa Chimanyika tinkamutcha sekuru Tobiasi, atanyamula mkoko wa nthochi. Anakhala pampando, nawomba m'manja, n'kunena chomwe anadzera. Anali atachonderera sabhuku, mkulu wogawa malo kwawoko, ndipo panapezeka kamalo m'mphepete mwa munda wa sekuruwo. Kwa Amanyika kupatsa mkamwini malo si chinthu wamba, choncho sekuru anali atatuluka thukuta. Lamulo linali limodzi: timange mvula isanagwe, apo ayi malowo apatsidwa wina, poti owafuna anali ambiri.

"Tsano," anatero sekuru, ndiko kuti mlamu, "malata muli nawo kale. Mitengo ndikupatsani. Fodya wako ndi amene ali pamphuno, wapachala ndi wa mphepo. Si mwambi wa kwanu umenewu?"

Bambo anaseka. "Wa kwathu ulinso wina, alamu: kwanu n'kwanu, m'thengo mudalaka njoka. Tinotenda, zikomo kwambiri, koma ine ndikakhale mugariri ndi imvi zonsezi?"

Mugariri ndi mwamuna wokhala kwa apongozi chifukwa chosowa ng'ombe zolowolera, ndipo kuno amasekedwa. Chodabwitsa n'chakuti kwawo kwa bambo mwamuna aliyense amakhala kwa mkazi, chikamwini, palibe wochita nacho manyazi. Bambo awo omwe anakhala choncho. Koma zaka makumi anayi pakati pa Amanyika zinali zitawalowa m'magazi osadziwa. Anakana malo ndi kunyada kwa Chimanyika, pofuna kusunga Umalawi. Sekuru atapita ndinapeza amayi kuseri akusenda nthochi zosapsa, misozi ikugwera m'mbale.

Sabata yomweyo ndiyo imene Mgiriki analowerera nkhaniyi. Ndinali nditangoyamba sekondale cha ku Ruda, ndipo mbiri yakale ankatiphunzitsa a Saruchera, munthu wowonda amene anamenyako nkhondo ya ufulu ndipo tonse ankatitcha makomuredi. Tsiku lina kukutentha anatitulutsa m'kalasi n'kutitengera kukamtsinje kotsikira mu Pungwe. Anauza mnyamata wina kuti avule nsapato, alowe m'madzi, atuluke, alowenso.

"Walowa mumtsinje womwe uja?"

"Inde, aticha."

"Nanga madzi amene anakunyowetsa poyamba ali kuti?"

Mnyamatayo anayang'ana kumunsi. "Apita ku Mozambique."

Tinaseka, koma a Saruchera sanaseke. Anati kalekale ku Greece kunali wanzeru wina amene ankaphunzitsa kuti palibe chinthu choyima, zonse zikuyenda ngati madzi, kotero kuti munthu sangalowe kawiri mumtsinje umodzi. Madziwo ndi ena, mchenga wasuntha, ndiponso wolowayo si yemwe uja, wakula pang'ono, wafa pang'ono. Anati ganizo limenelo silinafe ndi mwini wake. Anthu analitola m'badwo ndi m'badwo: ofufuza za nyenyezi, ofufuza mmene zamoyo zimasinthira, olemba za antchito ndi mabwana awo. "Ngakhale ife tili m'tchire tinkamwa madzi omwewo," anatero. "Tinkadziwa kuti ulamuliro wa azungu si thanthwe. Zonse zimasintha, makomuredi!"

Iwo ankanena mokondwa, ngati kusintha kulikonse kumabwera ndi mbendera yatsopano. Ine sindinamve za mbendera. Ndinaona dimba pakati pa mtsinje ndi mkuyu.

Lamulungu masana titabwera kutchalitchi, bambo anakhala pakhomo akunola mpeni wawo pamwala. Ndinagwada pambali pawo monga mwa mwambo, koma pakamwa panga panalibe mwambo.

"Baba, aticha akuti munthu salowa mumtsinje umodzi kawiri. Mtsinje wanu uja unapita kalekale."

Sanasiye kunola. "Wanena zimenezo ndani?"

"Mgiriki wina wanzeru."

"Uja wa sitolo ku Mutare? Wokuba pasikelo uja?"

"Ayi, wakalekale."

"Saka, ndiye iyeyo anafikako ku Mulanje?" Anayesa mpeni pachikhadabo, kenako analoza minda ya tiyi yomwe inayala chiphiri chonse ngati bulangete. "Taona uko. Masamba amathyoledwa, amaphuka ena. Ine ndimadula nthambi zonse mpaka kutsala ngati nkhuni, zimaphukanso. Koma chitsa n'chomwecho chimene tinadzala ndili mnyamata. Munthu ndi chitsa chake, Esinati. Ukamuuze Mgiriki wakoyo."

Likanakhala tsiku lina ndikanagonja, poti yankho lawo linali lokoma. Koma ndinali nditaona misozi ya amayi.

"Ndiye chitsa chanu chili kuno, baba. Kumeneko ndani anakuuzani kuti akukudikirani?"

Mpeni unaleka kulira pamwala. Bambo sanali omenya ana, ndipo sanandimenye. Anangoti popeza ndakula mpaka kuphunzitsa bambo anga, Loweruka likubweralo malata onse ndiwapale ndi kuwapaka ndekha, wina asandithandize.

Ndinayamba mame asanakamuke. Dzuwa litafika pamutu malata anatentha ngati chiwaya, mchenga unandidya zala, fungo la oyilo linandizunguza mutu. Ana a m'komboni anaima chapatali akundiseka. Chakumadzulo, ndikutembenuza lata lina ndekha, linanditerereka n'kundicheka chikhato kuchokera pachala chachikulu mpaka poyambira mkono. Magazi anasakanikirana ndi oyilo. Amayi anang'amba kansalu n'kundimanga, akunong'ona kuti, "Mwanangu, wanena zoona, koma tsopano angavomere bwanji ngati wagonjetsedwa ndi mwana?" Abale ena mpaka lero amati ine ndi amene ndinawumitsa mtima wa bambo. Ndimakana. Unali wouma kale, ine ndinangogogodapo.

Mvula inagwa. Kamalo ka ku Mandeya anapatsidwa munthu wina wochokera ku Mutare, ndipo tisanathe kudandaula anali atakumba kale maziko.

Ntchito ya bambo itatha, nkhondo ya ku Mozambique nayo inali itatha, mabasi akudutsa ku Tete. Amayi ndi ang'ono anga anakadikira kwa sekuru, malata tinawasanja kuseri kwa khitchini yawo kuti lole idzawatenge zonse zikakonzeka. Bambo anatenga ine. Ankati n'chifukwa ndimatha Chingerezi cha pamalire, koma tikukwera basi ananena chifukwa chenicheni: "Ukaone ndi maso ako."

Anavala jekete yawo ya kutchalitchi, ndipo pamiyendo anafungata bulangete latsopano la mlongo wawo. Njira yonse anali wachimwemwe ngati mwana. Phiri la Mulanje litaonekera anandigwira dzanja lachipsera lomwelo, nati, "Waliona? Lasuntha?" Phiri linalipodi.

Koma titatsika basi, bambo anaima pamsewu akuyang'ana uku ndi uku. Pomwe ankati pali nkhalango panali nyumba zothithikana, chigayo, ndi matchalitchi awiri oyang'anizana. Njira imene ankaidziwa inali munda wa wina. Anafunsa amayi ena ogulitsa chinangwa, akuwomba m'manja mwa Chimanyika, mawu akuti saka ndi ehe akugwa m'kamwa mwawo osawamva. Ana anayamba kutitsatira akuseka kalankhulidwe kawo, ndipo wina anathamanga patsogolo akufuula, "Kwabwera mtchona!" Mtchona ndi munthu amene anapita kunja n'kuiwala kwawo. Bambo, amene sanagonepo tsiku limodzi osatchula kwawo, ndilo dzina limene analandiridwa nalo.

Azakhali a Esinati anali atamwalira zaka zingapo m'mbuyomo. Anatilandira ndi mwana wawo, a Felesiya, mayi wa zidzukulu kale, amene bambo anamusiya ali kumsana. Anatiyalira mphasa, anatipatsa madzi, analira pang'ono monga kuyenera. Bulangete lija analilandira ndi manja awiri n'kulilowetsa m'nyumba. Bambo atabwera kumanda a mlongo wawo anapempha kuona dimba.

Mkuyu panalibe, ngakhale chitsa chake. A Felesiya anati chaka china napolo anatsika m'phiri ndi miyala ndi mitengo, mtsinje n'kusiya njira yake yakale n'kudzipatsa ina. Tsopano madzi ankayenda pomwe panali dimba la bambo. Kachigawo kotsala anali atagawana ana aakazi a Felesiya, timizere tating'ono toti mbuzi ikhoza kudumpha. Bambo anayang'ana kwa nthawi yaitali. Kenako anavula nsapato, napinda buluku, nalowa m'madzi mpaka m'mawondo, n'kuima pamenepo jekete ili m'thupi. Ndinkaganiza kuti tsiku limenelo ndidzakondwa kuti ndapambana. Sindinakondwe. Ndinamva mkwiyo wokhawokha, ndipo woti ndimukwiyire sanali pafupi.

Mawa lake panakhala nkhani pakhonde. Woyankhula anali a Dayitoni, mchimwene wa a Felesiya, amene tsopano anali mwini mbumba, woyang'anira alongo ake ndi ana awo, udindo umene ukanakhala wa bambo akanakhalapo. Bambo anapempha malo ena alionse oti amangepo, abweretse mkazi ndi ana.

"Amalume," anatero a Dayitoni mofatsa, "inuyo ndinu wathu. Kachipinda tikupatsani, mudzafere pakati pathu. Koma malo a akazi anu ndi ana, tiwatenge kuti? Malo ano ndi a ana a akazi. Mwaiwala kodi? Mwana ndi wa kwa mayi ake. Uyu kwawo n'ku Zimbabwe komweko."

"Koma ndinalowola!" bambo anatero mokweza. "Ndinapereka ng'ombe kwa apongozi. Anawa ndi anga, ndi a pano!"

Pakhonde panagwa kaphwete, ndipo mayi wina wokalamba anabisa kamwa ndi chitenje. "Kulowola?" anafunsa a Dayitoni. "Kuno tinayamba liti kulowola, amalume? Mwabwera ndi malamulo a eni ake."

Ndinakhala pamphasa paja ngati katundu wopanda mwini. Ku Honde ankati mwana ndi wa kwa bambo ake, pitani kwanu ku Malawi. Ku Mulanje akuti mwana ndi wa kwa mayi ake, bwererani kwanu ku Zimbabwe. Mbali zonse ziwiri zinali ndi mwambo wake wolongosoka bwino, ndipo miyambo iwiriyo inagwirizana pa chinthu chimodzi chokha, chakuti ine si wawo. Sindiwada a Dayitoni. Malo analidi ochepa, ndipo maliro a mayi awo bambo sanabwere. Koma kaphwete kaja sindinakaiwale.

Kachipindako bambo anakakana. Pobwerera sanayang'ane phiri. Tikuwoloka mlatho wa ku Tete, madzi ambirimbiri akuyenda pansi pathu, ananena osandiyang'ana: "Usakamuuze mphunzitsi wako." Ndipo sindinamuuzedi.

Nyumba ya kukomboni tinapeza mukukhala banja lina, zovala za ana awo zili pachingwe chathu. Pakamalo kaja ku Mandeya panali nyumba ya njerwa ndi nthochi zofika kale m'chiuno. Sekuru Tobiasi, Mulungu awadalitse, sananene kuti ndinakuuzani. Anatilola kukhoma chisakasa kuseri kwa khitchini yawo, pamalo pobwereka posaloledwa kudzala ngakhale mtengo wa mango. Malata aja, opakidwa oyilo kwa zaka zonsezo kudikira nyumba ya ku Mulanje, anasanduka khoma, denga ndi chitseko cha chisakasacho. Masana munkatentha ngati mu uvuni, m'chisanu makoma ankatuluka thukuta. Bambo anakhala mugariri weniweni, woposa amene ankamuopa. Ankagwira maganyu opalira nthochi za anthu, kuphatikizapo za munthu wa ku Mutare uja. Za dimba sanazitchulenso, ndipo sanakhalitse.

Manda a ku Mandeya ndi a mabanja a eni mudzi, choncho tinakawaika kumanda a esiteti, m'mphepete mwa minda ya tiyi, komwe kumagona anthu obwera. Anzawo achimalawi a bungwe la maliro ndi amene anakumba. Mwambo wake ndi wakuti mutu wa womwalira uloze kwawo. Mkulu wa adzukulu, nkhalamba ya ku Zomba imene inkadziwa za ulendo wathu, anabwera pomwe tinakhala azimayi, nagwada, n'kufunsa amayi motsitsa mawu: "Mayi, mutu tiloze kuti?"

Amayi anayang'ana ine, poti ine ndi amene ndinapitako. Mtsikana sayankha pamanda, koma ndinayankha.

"Lozetsani ku fakitale ya tiyi. Ndiko kokha kumene ankawadikira m'mawa uliwonse."

Azimayi ananditsina kuti ndikhale chete. Nkhalambayo inandiyang'ana, ndipo ndinaona kuti funso limenelo likuidikira nayonso. Inadzuka, ndipo bokosi analilozetsa ku Malawi monga mwa nthawi zonse. Mchimwene wanga anazula lata limodzi lakumbali kwa chisakasa, nadulapo kachidutswa, ine n'kulembapo dzina la bambo ndi penti, tinakakhoma pamtanda.

Amati mawu a akulu amakoma akagonera. A bambo anga anagonera n'kusasa, ndipo ankamwa chosasacho ndi amayi ndi ife ana. Amene anagonera bwino ndi a Mgiriki uja, munthu woti Mulanje sanamumvepo. Ndakula tsopano, ndawamva mawu akewo m'kamwa mwa andale, alaliki ndi anthu ophunzira, ndipo onse amawanena monga ankanenera a Saruchera, ngati uthenga wabwino: musadandaule, zinthu zimasintha. Ndazindikira kuti onena choncho amakhala ataima pamtunda. Mgirikiyo ananena zoona, koma ndikukhulupirira kuti atatuluka mumtsinje muja anapukuta mapazi n'kupita kwawo, kunyumba imene palibe kapitawo akanamutulutsamo. Kwa munthu wopanda poponda, kusintha si nzeru yokambirana m'kalasi. Ndi madzi amene amamutenga. Ndipo chimene bambo sanachione, chimene chimandiwawa koposa, n'chakuti mtsinje sunasunthe wokha. Iwonso anali atasuntha, ndipo anafika kwawo ali mlendo wolankhula za ng'ombe.

Zonsezi ndikuzidziwa bwino. Ndikudziwanso kuti dzimbiri lidzapambana, kuti tsiku lina esiteti idzafuna malo aja n'kudzalapo tiyi. Komabe mvula ikatha chaka chilichonse ndimakwera basi ya ku Honde ndi kabotolo ka oyilo wakutha m'chikwama. Ndimagwada pamanda paja, ndimapala kachidutswa ka lata ndi mchenga, n'kukapaka ndi dzanja lachipsera lomwelo. Ana anga amandifunsa kuti ndimavutikiranji. Ndimawauza kuti ndi malo okhawo padziko lino amene palibe anatithamangitsapo.